Mizinda 9 pachitunda chimodzi: mmene ofukula zakale amawerengera mabwinja a Troy

Funso: "Ndinamva kuti mzinda wa Troy, uja wa nkhani ya hatchi yamatabwa, anaupeza ku Turkey n'kuufukula. Koma ena akuti pamalopo pali mizinda 9, osati umodzi. Zikutheka bwanji? Nanga munthu akaona khoma lakugwa, amadziwa bwanji kuti ndi la liti, ndiponso kuti linagwa ndi nkhondo?"

Mwamva zoona. Malowo dzina lake ndi Hisarlik, chitunda chimene chili kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Turkey, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Çanakkale, ndipo nyanja ya Dardanelles ili pamtunda wa makilomita ngati 5 okha. Anthu anayamba kukhalapo cha m'ma 3000 BC ndipo anakhalapobe mpaka nthawi ya Aroma. Umodzi mwa mizinda yake unapsa cha m'ma 1180 BC, ndipo m'phulusa lake munapezeka zida ndi mafupa a anthu. Zimenezo nthaka ikuvomereza. Dzina la amene anautentha nthaka sitchula, ndipo hatchi yamatabwa ija ndi ya m'nkhani zongosimbidwa, palibe ngakhale kathabwa kake kamene kanapezekapo.

Za mizinda 9 zija, chinsinsi chake ndi njerwa zosaotcha. Anthu a kumeneko ankaika miyala pansi ngati maziko, pamwamba n'kumanga ndi njerwa zouma ndi dzuwa. Nyumba yotere ikapsa kapena ikagwa ndi chivomezi, njerwa zimasungunuka ndi mvula n'kubwerera kudothi. Palibe amene ankavutika kututa dothi lonselo. Ankangosalaza, n'kumanga pamwamba pake. Mukachita zimenezi kwa zaka 3,000 pamalo amodzi, nthaka imakwera, ndipo pa Hisarlik inakwera mamita oposa 15. Akatswiri amawerenga kuchokera pansi: Troy I ndiye wakale kwambiri, Troy IX ndiye wa Aroma. Komanso nambala ya 9 ija ndi yongofupikitsa. Carl Blegen wa ku yunivesite ya Cincinnati, amene anafukula kuyambira 1932 mpaka 1938, anapeza kuti m'kati mwa mizinda 9 imeneyi muli nyengo 46 za kumanga ndi kumanganso.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu ambiri, ndipo chinasokonezanso mmodzi mwa ofukula oyambirira. Mizindayi sinasanjikizane bwinobwino ngati mabuku pa tebulo. Mzinda ukamakula, linga latsopano ankalimanga kunja kwa lakale, m'munsi mwa chitunda. Choncho khoma la Troy VI likhoza kupezeka pansi kuposa nyumba ya Troy II, ngakhale kuti nyumbayo ndi yakale ndi zaka pafupifupi 1,000. Kuwonjezera apo, amisiri a nthawi ya Agiriki ndi Aroma atafuna bwalo lalikulu la kachisi wa Athena, mulungu wawo wamkazi, anameta pamwamba pa chitunda, dothi n'kulikankhira m'mbali. Pakati penipeni pa Troy VI ndi Troy VII, pamene panayenera kukhala nyumba za mafumu, panachoka kalekale. Dothi lokankhidwalo ndi limene linakwirira makoma a m'mbali n'kuwasunga. Kuya kwa chinthu pakokha sikukuuzani msinkhu wake. Chimene chimakuuzani ndi dothi limene chagonamo, ndi limene lachikwirira.

Heinrich Schliemann, wamalonda wolemera wa ku Germany, zimenezi sanazidziwe. Amene anamulozera chitundachi anali Frank Calvert, yemwe anali ndi gawo la malowo ndipo anali atayesako kukumba m'zaka za m'ma 1860. Schliemann anaganiza kuti mzinda wa m'ndakatulo za Homer, mlakatuli wakale wa ku Greece amene anasimba za nkhondo ya Agiriki ndi Troy, uyenera kukhala pansi penipeni, ndiye kuyambira 1871 anadula chitunda pakati ndi chingalande cha mamita pafupifupi 40 m'lifupi ndi 17 kuya kwake, ndi antchito oposa 100 ogwira mapiki ndi mawilibala. Makoma amene anakumana nawo pa njira anawagumula. Mu May 1873 anapeza zinthu za golide, siliva ndi mkuwa pafupi ndi chipata cha mzinda wina wopsa, n'kuzitcha chuma cha Priam, mfumu ya Troy ya m'ndakatulozo. Koma mzinda umenewo ndi Troy II, wa pakati pa 2550 ndi 2300 BC, zaka zoposa 1,000 isanafike nthawi imene nkhondo ija ikanachitika. Kuthamanga sikufika: mzinda umene ankaufuna anaudutsa, zina mwa nyumba zake n'kuzitaya pa mulu wa zinyalala. Ngakhale nkhani yake yoti mkazi wake Sophia ananyamula chumacho m'nsalu inali yabodza, popeza mayiyo anali ku Athens tsiku limenelo. Chumacho anachizembetsa, kenako anachipereka ku Berlin. Asilikali a Soviet Union anachitenga mu 1945, ndipo lero chambiri chili ku Pushkin Museum ku Moscow.

Golide ameneyu ndi wokongola, koma pa funso lanu sathandiza kwenikweni. Zimene zimathandiza ndi mapale, makala, njere zopserera ndi mtundu wa dothi.

Kafukulidwe koyenera kamayamba ndi kuyeza. Malo onse amagawidwa m'mabwalo okhala ndi manambala. Pa Troy amagwiritsabe ntchito mabwalo a mamita 20 mbali zonse amene anaika Wilhelm Dörpfeld, katswiri wa zomangamanga amene anayamba kuthandiza Schliemann mu 1882. Chilichonse chopezeka chimalembedwa bwalo lake ndi kutalika kwake kuchokera pa chizindikiro chimodzi chosasuntha. Kenako dothi limachotsedwa gawo limodzi pa nthawi, kutsatira mmene linagonera, osati kutsatira tepi. Wofukula amapala ndi kachipande kachitsulo mpaka ataona kuti mtundu wasintha, mwina dothi lofiirira la njerwa zosungunuka latha ndipo wafika pa phulusa lotuwa, kapena pa dothi lolimba lopondedwapondedwa limene linali pansi pa nyumba. Pamenepo amaima. Gawo latsopanolo limalandira nambala yake, chithunzi chake, ndi thumba lakelake la zopezekamo. Lamulo lake ndi lakuti chomaliza kuikidwa ndicho choyamba kuchotsedwa. Ngati munthu wa Troy VIII anakumba dzenje la zinyalala n'kuboola nyumba ya Troy VI, dzenjelo liyenera kukokoledwa lonse palokha musanakhudze nyumbayo. Mukalephera kuona m'mphepete mwa dzenjelo, mapale a nthawi ziwiri amalowa m'thumba limodzi, ndipo nyumbayo mudzaipatsa zaka zolakwika ndi mazana ambiri. Cholakwa chimenechi n'chofala kwambiri, makamaka dzuwa likaumitsa dothi moti mitundu yonse n'kumaoneka yofanana. N'chifukwa chake ofukula amawaza madzi pang'ono asanajambule, ndipo amakonda kuyang'ana dothi m'mamawa.

M'mbali mwa dzenje amasiya chipupa cha dothi chosakumba, chodulidwa mowongoka, kuti magawo onse azioneka mizeremizere ndipo wina wobwera pambuyo athe kutsutsa kapena kuvomereza. Dothi lochotsedwa silitayidwa msanga. Limadutsa m'sefa wa mabowo a mamilimita 4 kapena 5 kuti mikanda, tizidutswa ta mafupa ndi nsonga za mivi zisapite. Lina amalithira m'madzi n'kuvundula: njere zopserera ndi makala zimayandama, n'kuzitchera ndi sefa wa mabowo osakwana milimita imodzi. Kufukula n'kuwononga, chifukwa gawo lochotsedwa silibwereranso, ndiye chimene sichinalembedwe chatayika ndithu.

Tsopano khoma. Mwala sunena tsiku limene unaikidwa, choncho khoma timalidziwa msinkhu poyang'ana dothi lolikhudza. Omanga ankayamba ndi kukumba ngalande ya maziko, kuyala miyala, kenako n'kukwirira mpata wotsala ndi dothi lomwe linali pafupi. Phale laposachedwa kwambiri limene lili m'dothi lokwiriralo limakuuzani kuti khoma silingakhale lakale kuposa ilo. Kenako mumayang'ana pansi pa nyumba zimene zinagundana ndi khomalo: zimenezo zinabwera khoma lilipo kale. Pomaliza pali dothi limene linakwirira khoma litagwa. Mukatero mwalipanikiza khomalo pakati pa nthawi ziwiri. Ofukula osadziwa amakonda kulondola khoma, kukumba m'mbali mwake monse kuti lioneke bwino pa chithunzi, ndipo potero amadula ulusi wonse wolilumikiza ndi dothi lake. Khoma lotere limatsala lokongola koma losalankhula.

Mapale amathandiza chifukwa kaumbidwe ka mbiya kamasintha ndi mibadwo, ndipo phale siliwola. Mu Troy I mbiya zonse n'zoumba pamanja. Mu Troy II mumayamba kuoneka mbale zoumbidwa pa gudumu, zokhala ndi timizere tozungulira m'kati. Mu Troy VI muli mbiya zotuwa zosalala za komweko, ndiponso pang'ono za ku Mycenae ku Greece, zojambulidwa. Za ku Mycenae zimenezi ndi zamtengo wapatali kwa wofufuza, chifukwa zofanana nazo zinapezekanso ku Egypt pamalo amene zaka za mafumu ake zimadziwika. Mapale amenewa ndi amene anatsegula maso a Dörpfeld mu 1890, chaka chimene Schliemann anamwalira, n'kuona kuti mzinda wa nthawi ya nkhondo ija sunali Troy II, ndipo mu 1893 ndi 1894 anafukula linga lalikulu la Troy VI.

Njira ina ndi ya kaboni 14. Chamoyo chilichonse chikafa, kaboni 14 wa m'thupi mwake amayamba kuchepa, theka lake pa zaka 5,730 zilizonse. Makina a masiku ano amatha kuyeza njere imodzi ya tirigu kapena barele. Apa msampha ndi matabwa. Mtanda wa denga ukhoza kuchokera ku mtengo umene unakula zaka 200, n'kugwiranso ntchito m'nyumba ziwiri zisanafike pa iyi yapsayi. Mukayeza khala lake mupeza chaka chimene mtengowo unkakula, osati chaka cha moto. Njere zopezeka mu mtsuko wa m'nyumba yopsa ndizo zabwino, popeza zinakololedwa chaka chomwecho kapena chapitacho. Ngakhale zitero, yankho limabwera ngati mpata wa zaka makumi angapo. Aliyense wokuuzani chaka chenicheni chimene Troy anagwa sanachitenge m'nthaka.

Kodi khoma lililonse lalikulu ndi linga la nkhondo? Ayi. Ena ndi ongogwira dothi kuti lisagumuke, ena ndi oonetsera ulemerero. Linga la nkhondo limadziwika ndi zipata zake, chifukwa chipata ndiye malo ofooka, ndipo womanga woopa adani amaonetsa mantha ake pamenepo. Khoma la Troy VI, la pakati pa 1750 ndi 1300 BC, ndi la miyala ya laimu yosemedwa bwino, yoyalidwa popanda matope omatira, lochindikala mamita 4 mpaka 5. Kunja kwake n'kopendekera m'kati, ndipo pamwamba pake panali njerwa zosaotcha zimene zinatha. M'malo ena miyalayo yaimabe kupitirira msinkhu wa anthu awiri. Pa mamita 9 kapena 10 alionse khomalo limatuluka kunja masentimita ochepa, ngati mano a sowo, ndipo amisiriwo anachita kusema miyala mwadala kuti zitero. Chipata cha kum'mawa ndicho chimakhutiritsa. Khoma lina limadutsa kutsogolo kwa linzake n'kusiya kanjira ka mamita ngati 2 m'lifupi, kamene kamakhota kasanafike pa chitseko. Gulu la adani silingalowe pamodzi, alibe pothamangira ndi chipika chogumulira chitseko, ndipo ali m'kanjiramo miyala imawagwera kuchokera mbali zonse ziwiri. Chakumpoto kwa pamenepo kuli chinsanja chachikulu chimene chinazinga chitsime chokumbidwa m'thanthwe. Anthu amene amatsekera madzi awo m'kati mwa nsanja amakhala akuyembekezera tsiku limene sadzatha kutuluka.

Nanga chinagwetsa mzindawu n'chiyani? Dörpfeld ankati ndi nkhondo ija. Blegen anakana, ndipo zifukwa zake ndi phunziro labwino. Chivomezi chimang'amba makoma kuchokera pansi, chimasuntha maziko, miyala ikuluikulu imagwa mulu umodzi mbali imodzi, ndipo zimenezi zimaoneka ngakhale m'malo amene mdani sakanavutikira kugumula. Pambuyo pake anthu omwewo amabwerera n'kukonza, mbiya zawo osasintha. Izi n'zimene Blegen anaona kumapeto kwa Troy VI, cha m'ma 1300 BC, ndipo dera limenelo zivomezi n'zosasowa mpaka lero. Akatswiri ambiri amagwirizana naye, ngakhale ena amati panalinso moto.

Mzinda wotsatira, Troy VIIa, unagwiritsa ntchito linga lomwelo atalikonza, koma m'kati munasintha. Misewu yotakasuka ya m'mbali mwa linga inadzaza ndi tinyumba tating'ono togundanagundana, ndipo pansi pa nyumba zambiri anakwirira mitsuko ikuluikulu mpaka m'khosi, n'kuivundikira ndi miyala yaphanthiphanthi kuti anthu aziyenda pamwamba. Nyumba zina zinali ndi mitsuko yotere yoposa 10. Blegen anati awa ndi anthu othinana amene ankasunga chakudya poopa kuzingidwa. Mwina n'zoona, koma anthu amasunganso chakudya chifukwa cha chilala kapena msonkho, ndiye mitsuko payokha si mboni. Mboni yamphamvu ndi mapeto ake: phulusa ndi matabwa opserera ponseponse, nsonga za mivi zamkuwa, milu ya timiyala tozungulira toponyera ndi gulaye, ndi mafupa a anthu osaikidwa m'manda, ena m'misewu. Chimodzichimodzi mwa zimenezi chikhoza kufotokozedwa mwanjira ina. Moto ungayambe kukhitchini, muvi ungatayike. Koma mtembo wosiyidwa pamsewu umasonyeza kuti panalibe wotsala woti auike, kapena otsalawo analibe mpata. Zonse zikakumana m'gawo limodzi la dothi, kunena kuti panali nkhondo n'koyenera.

Koma pamenepo mpamene tiyenera kugwira mtima. Zaka za m'ma 1200 mpaka 1180 BC mizinda yambiri inapsa, Hattusa, likulu la Ahiti, Ugarit ku Syria, Pylos ndi Mycenae ku Greece komweko. Agiriki amene akuti anazinga Troy nawonso kwawo kunkayaka. Nsonga za mivi zopezekazo n'zochepa, ndipo mtundu wa muvi sukuuzani mtundu wa woponya, chifukwa zida zimagulidwa, zimalandidwa, zimatengeredwa. Patapita mibadwo ingapo, mu Troy VIIb, mumaoneka mbiya zoumba pamanja zokhala ndi timatuza, zofanana ndi za ku Balkan, dera la kumwera chakum'mawa kwa Ulaya, kusonyeza kuti kunabwera anthu atsopano ochokera kumpoto. Zimenezo sizikutanthauza kuti ndiwo anayatsa moto uja.

Kwa zaka zambiri anthu ankadandaula kuti Troy ndi wochepa, popeza m'kati mwa linga muli mahekitala 2 okha. Gulu la Manfred Korfmann wa ku yunivesite ya Tübingen, limene linayamba ntchito mu 1988, linayang'ana kunja kwa linga pogwiritsa ntchito magnetometer, makina amene munthu amayenda nawo m'mizere pamwamba pa nthaka n'kumayeza kusintha kwa mphamvu ya maginito. Dothi lopsa ndiponso dzenje lodzaza zinyalala zimaonekera mosiyana ndi thanthwe lozungulira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makinawo anaonetsa mzere wautali mamita pafupifupi 400 kumwera kwa linga. Poyamba anauyesa khoma la njerwa zopsa. Atakumba anapeza kuti ndi ngalande yosemedwa m'thanthwe, mamita ngati 4 m'lifupi ndi 2 kuya, yokhala ndi mipata yodutsira. Makina amangolozera pokumba, chimene chili pansipo chimadziwika ndi kachipande. Ngalande yotere munthu wapansi akhoza kuiwoloka, koma galeta lokokedwa ndi mahatchi silingadutse, ndipo mafupa a mahatchi amayamba kuchuluka mu Troy VI momwemo. Korfmann anati ngalandeyi inazinga mzinda wa m'munsi wa mahekitala pafupifupi 30, wa anthu 5,000 mpaka 10,000. Mnzake wa pa yunivesite yomweyo, Frank Kolb, anamutsutsa poyera mu 2001, nati nyumba zofukulidwa m'munsimo n'zochepa kwambiri moti sizingabereke mzinda wotere. Pa mfundo ya chiwerengero cha anthu Kolb anali ndi pogwira, chifukwa mzinda wa Aroma unagona pamwamba ndipo gawo lofukulidwa ndi laling'ono. Koma ngalandeyo ilipo, inalondoledwa mtunda wautali, ndipo kuisema m'thanthwe ndi zida zamkuwa si ntchito ya kamudzi ka mabanja ochepa.

Mukaima pa chitundacho lero muona minda mpaka kutali, n'kumadabwa kuti zombo zinkafika pati. Akatswiri a nthaka anaboola chigwacho ndi mapaipi n'kutulutsa dothi la pansi, ndipo pansi pa matope a mtsinje anapeza matope a m'nyanja okhala ndi zigoba za nkhono za m'madzi amchere. Kale nyanja inkalowa mpaka pafupi ndi mzinda, koma mtsinje wa Karamenderes, umene Agiriki ankautcha Scamander, unadzaza malowo pang'onopang'ono.

Chotsala ndi dzina. Umboni woti malowa ndi Troy ndi wamitundu iwiri. Agiriki ndi Aroma amene anakhalapo pambuyo pake ankautcha Ilion kapena Ilium, ndipo dzinali lili pa ndalama zawo ndi pamiyala yolembedwa imene inapezeka pomwepo. Kenako pali zolemba za Ahiti zotchula dziko la Wilusa kumadzulo kwa Anatolia (dera la Turkey wa masiku ano), kuphatikizapo pangano la mfumu Muwatalli II ndi mfumu ya Wilusa yotchedwa Alaksandu, cha m'ma 1280 BC. Akatswiri ambiri amavomereza kuti Wilusa ndi Wilios, katchulidwe kakale ka Ilios, dzina lina la Troy m'ndakatulo za Homer. Koma zolembazo zinapezeka ku Hattusa, kutali kwambiri. Pa Hisarlik penipeni, pambuyo pa zaka zoposa 150 za kufukula, cholembedwa cha nthawi imeneyo chimene chinapezeka n'chimodzi chokha: kachidindo kamkuwa kozungulira, kokwana pachikhatho cha mwana, kamene kanatuluka mu 1995 m'nyumba ya Troy VIIb. Kali ndi zilembo za Chiluwiya, chinenero cha ku Anatolia. Mbali imodzi kali ndi dzina la mwamuna amene ntchito yake inali ya ulembi, mbali inayo dzina la mkazi, ndipo mayina onse awiri ndi ofufutika moti sawerengeka onse.